Mtsetse wa ku Chipera ndi Maliro a Achimwene

Achimwene anga anamwalira ku Fingoe m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Anali atakhala zaka zingapo akukumba golide m'maenje a kufupi ndi vila, katauni ka Fingoe komweko, ndipo chifuwa chimene anachitola kumeneko ndi chimene chinawatenga. Kwathu kwenikweni ndi kumunsi, mbali ya ku Chipera. Amayi, amene anabwera kudzadwazika matenda, ananenetsa kuti mwana wawo saikidwa pakati pa alendo. Ankafuna akagone pafupi ndi bambo ake.

Amuna anga panthawiyo anali motorista wa wamalonda wina wa pa vila. Ankayendetsa galimoto yakale yotsegula kumbuyo, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, imene inkanyamula mchere, sopo ndi mafuta kupita kumidzi. Mwini wake anatimvera chisoni n'kutibwereka. Tinanyamuka m'mawa dzuwa lisanawawe. Bokosi tinalimanga ndi zingwe kumbuyo, ndipo pambali pake panakhala amayi, amalume, mlamu wanga amene anali atangosanduka wamasiye, ndi amuna awiri amene ankakumba dzenje limodzi ndi malemuwo. Amayi tinawapempha kuti akhale kutsogolo chifukwa cha fumbi, koma anakana. Kwathu mpongozi sakhala mogundana mapewa ndi mkamwini wake, ndipo ngakhale kulankhula amadzera kwa munthu wina. Choncho kutsogolo ndinakhalako ndine.

Msewu wa ku Chipera umayamba bwino, kudutsa minda ndi midzi, koma ukalowa m'mapiri umasintha. Pamakhala miyala yokhayokha ndi mingalande imene mvula inakumba. Pali malo ena pamene msewu umatsetsereka kwa nthawi yaitali mokhotakhota, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho loti ukasuzumira umangoona nsonga za mitengo. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri, ndipo sindinkapaopa kwenikweni.

Titafika pamwamba pa mtsetsewo, amuna anga anaima monga ankachitira nthawi zonse. Anakoka kandodo kakang'ono ka pambali pa giya, kamene amati reduzida, kuti injini izigwira galimoto potsika. Tinayamba kutsika pang'onopang'ono, injini ikubuula. Kumbuyo anthu ankaimba nyimbo ya maliro, mlamu akutsogolera ndi mawu osasa.

Titakhota kachiwiri kapena kachitatu, galimoto inatsika pa thanthwe lina n'kugunda pansi mwamphamvu. Ndinaona kandodo kaja kakudumpha kokha. Nthawi yomweyo injini inasiya kubuula, ndipo galimoto inapepuka ngati ng'ombe imene yaduka chingwe. Amuna anga anaponda mabuleki. Tinagwedezeka pang'ono, liwiro linachepa, ine n'kupuma. Ataponda kachiwiri phazi lawo linangopita mpaka pansi.

Ine ndinkangoyang'ana phazi lawo likukwera ndi kutsika, likukwera ndi kutsika, galimoto osamva. Anayesa kubwezera kandodo kaja koma kanangokukuta zitsulo n'kukana. Anakoka buleki ya pamanja mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo m'galimoto munalowa fungo la chinthu chopserera. Kutsogolo kwathu msewu unkakhotera kumanja, ndipo kupitirira pokhotapo kunalibe chilichonse koma mlengalenga. Ndikukumbuka kuti nyimbo kumbuyo inali isanathe, chifukwa iwo anali asanadziwe.

Amuna anga anapotoza chiwongolero n'kuigunditsa galimoto ku khoma la phiri, mbali imene ndinakhala ine. Miyala inakwecha chitseko, minga ya zitsamba inalowa pawindo n'kundikanda kumaso, kalilole wam'mbali anathyoka. Tinapitirirabe tikukhulana ndi phirilo mpaka tayala lakutsogolo linagwera mu mngalande wa madzi a mvula. Kumbuyo kunamveka kugunda kwakukulu, ndipo tinaima.

Kunangoti zii, nyenje zokha zikulira m'mitengo. Amuna anga anasiya galimoto mu giya, n'kutulutsa mutu pawindo. Anauza anthu kuti aliyense akhale pamene ali, kupatula amuna awiri aja, amene anawapempha kuti atsike mofatsa akatsekere matayala ndi miyala ikuluikulu. Mawu awo anali abwinobwino.

Nditatsika ndinapeza kuti chingwe chimodzi chaduka ndipo bokosi latsetsereka mpaka kugunda kumsana kwa pamene tinakhala ife. Mwendo wa amalume unapanikizika pakati, ndipo unali utayamba kale kutupa. Amayi anali atagona chafufumimba pamwamba pa bokosilo, atalikumbatira ndi manja onse.

Amalume atatsitsidwa anakhala pamwala n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu. Ananena kuti galimoto siiluma yokha, kuti malemu ndiwo akukana njira, ndipo kuti m'galimotomo muyenera kuti muli munthu amene malemuwo anachoka ali naye chifukwa. Sanatchule munthu, koma maso awo anapita kwa mlamu. Mlamuyo ndi wa kutali, wolankhula Chinsenga, ndipo abale ena sankamukonda chifukwa achimwene anakumana naye kumigodi. Anangodziphimba kumaso ndi nsalu n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Ine ndimapemphera, koma mawu a amalumewo anandilowa. Ndinayang'ana bokosi lija n'kumva tsitsi likuimirira, dzuwa lili phwee.

Amuna anga anayankha mwaulemu. "Mwina ndi momwemo, amalume. Koma ndiloleni ndione kaye zimene maso angathe kuona."

Anayamba kuzungulira galimoto akuyandikitsa kumbuyo kwa dzanja pa tayala lililonse. Anandiuza kuti poyamba ankaganiza kuti mabuleki angotentha, chifukwa akatentha kwambiri amasiya kugwira, ndipo ukawadikira azizire amabwerera. Tinadikira. Iwo analowa n'kuponda, koma phazi linapitanso pansi. Nkhope yawo inasintha. Anatsegula kapo wovundikira injini n'kusuzumira m'kabotolo kamene mumakhala oleo, mafuta a mabuleki. Anandiitana kuti ndione. Munali mutangotsala todontha pansi penipeni.

"Travau sanatenthe ayi," anatero, kunena mabuleki aja. "Oleo watuluka. Tipeze potulukira."

Anayala thumba n'kulowa pansi pa galimoto chagada. Apa ndi pamene ndinaopa kuposa poyamba paja, chifukwa tsopano ndinali ndi nthawi yoganiza. Galimoto inali itapendekera, yangogwidwa ndi mngalande ndi miyala ingapo, ndipo mutu wa amuna anga unali pansi pa chitsulo chachikulu cha matayala akumbuyo. Timiyala tikagumuka m'phiri ndinkadzidzimuka. Ndinauza amuna awiri aja kuti awonjezere miyala, iwo anawonjezera, ine n'kuwauzanso kuti awonjezere ina mpaka mmodzi anandiuza mofatsa kuti yakwana.

Amuna anga anandiitana ali pansi pomwepo. Anati ndikhale pampando wawo ndiponde chopondera cha pakati pang'onopang'ono, ndisakhudze china chilichonse. Ndinali ndisanakhalepo pampando wa motorista. Ndinawafunsa kangapo kuti cha pakati ndi chiti, ngakhale ndinkachiona, chifukwa ndinkaopa kuti ndikaponda cholakwika galimoto iwagwera. Ndinaponda. Chinali chofewa ngati papaya wakupsa. Ndinamva iwo akulavula, kenako anatuluka nkhope itanyowa ndi oleo. Anapeza pamene pankatulukira. Kapaipi kachitsulo kopita ku tayala lakumbuyo kanali kale kadzimbiri, ndipo thanthwe lija linakaphwanya n'kukang'amba. Nthawi iliyonse imene ankaponda, oleo ankangothira pansi.

Kapaipi kena tinalibe. Foni sinkagwira pamalopo, ndipo pa msewu umenewo ukhoza kukhala tsiku lathunthu osaona galimoto ina. Dzuwa linali litakwera, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti maliro sangadikire pa kutentha koteroko. Ntchentche zinali zitayamba kubwera.

Amuna anga anagwada n'kuyang'ananso kapaipi kaja. Kenako ananena kuti apinda kapaipiko n'kukatseka, kuti tayala limenelo likhale lopanda buleki koma atatu otsalawo azigwira. Ananenanso poyera kuti anangomva kwa anzawo kuti zimatheka, iwo anali asanachitepo. Analowanso pansi ndi nyundo ndi alikati wopanira zitsulo, ndipo kwa nthawi yaitali tinkangomva kugogoda. Kuseri kwa mpando anali ndi kabotolo ka oleo kosadzaza. Amalume anati akachepa tiwonjezere mafuta ophikira amene tinanyamula a pamaliro, koma amuna anga anakana, anati amatupitsa timphira ta m'kati ndipo mabuleki angafe onse.

Atathira oleoyo anandibwezera pampando paja kuti tichotse mpweya umene unalowa m'mapaipi. Iwo ankapita pa tayala lililonse ndi sipanala, akundiuza kuti, "Ponda. Pondanso. Gwira pomwepo, usasiye." Ndikagwira, iwo ankamasula kenakake, chopondera n'kumira pansi pa phazi langa, mtima wanga n'kumira nacho. Thukuta linkalowa m'mabala a minga aja. Titamaliza tayala lomaliza, chopondera chinayamba kulimba chapakatikati. Sichinalimbe ngati kale, koma sichinkafikanso pansi. Oleo wa m'kabotolo ka kuseri kwa mpando kaja anali atatha.

Anasuzumiranso pansi n'kunena kuti popinda paja pakunyowa pang'ono koma sipakudontha. Ndinawafunsa ngati pagwire mpaka kumunsi. Anati sakudziwa.

Chifukwa cha zimenezo anaganiza kuti galimoto itsike yopanda anthu ndi bokosi, ndipo maliro atsike pamapewa kumbuyo kwake. Ndinapita kukawauza amayi, amene nthawi yonseyi anali asanatsike. Anandiyankha kuti iwo sachoka, ndipo mwana wawo sachotsedwa m'galimoto n'kuikidwa pamsewu ngati thumba la makala. Ngati galimoto ikukagwa, ikagwe nawo limodzi. Ndinawachonderera, amalume anayesa, mlamu anawagwira mapazi, koma anangotembenukira kumbali.

Amuna anga anapukuta manja pa buluku, anavula chipewa n'kugwada pamiyala chapatali pang'ono. Chikwatirane sindinawamvepo akulankhula ndi amayi maso ndi maso.

"Amayi, ndikhululukeni kuti ndikulankhula nanu ndekha," anatero. "Galimotoyi sindikuikhulupirira. Ikandilaka ndili ndekha, ndingathe kudumpha. Mukakhalamo inu ndi alamu anga ali m'bokosiwa sindidumpha, ndipo tikathera kuphomphoko tonse. Alamu anga sakafika pamene mukufuna akagone."

Amayi sanawayang'ane. Anasisita bokosi ndi dzanja. Kenako anandipatsa mkono kuti ndiwatsitse.

Onyamula anali ochepa, popeza amalume sankatha kuponda bwino. Mwamwayi kunatulukira amuna awiri ochokera kumunsi akukankha njinga zawo. Ataona bokosi anaimika njingazo n'kuvula zipewa, ndipo atamva nkhani yathu sanadikire kupemphedwa. Anathandiza kukankha galimoto kuichotsa mu mngalande, wina akusuntha mwala kutsogolo kwa tayala pang'onopang'ono, kenako anagwira bokosi pamodzi ndi anzawo a achimwene aja.

Panatsala vuto la kandodo kaja. Galimoto itaima kanalowa bwinobwino, koma amuna anga anati kakhoza kudumphanso tikagunda mwala, ndipo kakadumpha mabuleki atatu ofookawo sangagwire galimoto okha. Anakamanga ndi mphira ku mwendo wa mpando, koma atakagwedeza kanasunthabe. Pankafunika munthu wokagwira, chifukwa manja awo onse akhala pa chiwongolero. Anayang'ana amalume. Amalume sanabise, anati mtima wawo sungathe. Amuna anga anati basi apita okha.

Sindinafunse munthu. Ndinangozungulira n'kulowa. Sikunali kulimba mtima. Ndinkaona kuti sindingathe kuima pamwamba n'kumayang'ana galimoto ikuzimiririka pokhota paja, n'kumadikira kuti ndimve phokoso. Amayi anandiitana ndi dzina langa laubwana n'kunena kuti, "Ndataya kale mmodzi." Sindinatembenuke. Za ana athu, amene tinawasiya kwa anansi ku Fingoe, ndinazikumbukira chitseko chitatsekeka kale. Ndinazindikira kuti bambo awo ndi mayi awo tonse tili m'galimoto imodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kutsika. Koma injini inali italira, ndipo mwala womaliza unali utachotsedwa.

Amuna anga anandionetsa mogwirira, manja onse awiri, kukokera kwa ine. Anati ndikamva iwo akunena kuti dumpha, ndisiye zonse nditsegule chitseko. Ndinafunsa kuti nanga iwo. Anangoyang'ana kutsogolo.

Tinkayenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi akanatipitirira, koma kwa ine linali liwiro loopsa. Kandodo kankanjenjemera m'manja, ndipo tikatsika pamwala kankandikankha mwamphamvu ngati mwendo wa mbuzi imene ikuphedwa. Ndinakanikiza phazi kutsogolo n'kukoka ndi thupi lonse. Pokhota poyamba paja, pamene tikanagwera, ndinatseka maso. Nditatsegula, phiri linali litapita mbali ya amuna anga ndipo phompho linali mbali yanga. Pawindo sindinkaona msewu, ndinkangoona mitengo ili pansi patali ndi kabawi akuuluka m'munsi mwathu. Ndinaganiza kuti akanena kuti dumpha pano ndidumphira kuti. Ndinayamba pemphero koma ndinkangobwereza mzere woyamba, ina yonse inandithawa.

Mabuleki ankawasunga, ankaponda pokhapokha pakafunika. Akaponda, galimoto inkakokera mbali imodzi chifukwa cha tayala lija, ndipo ankalimbana ndi chiwongolero kuti ayibweze. Nthawi iliyonse ndinkayang'ana phazi lawo kuti ndione pamene liimire. Ndinkaona ngati likutsika kuposa nthawi yapita, koma sindinafunse.

Chakumunsi, pamene mitengo ya tsanya imayambira, tinakumana ndi ng'ombe zikukwera msewu kuchokera komwa madzi. Zinadzaza njira yonse. Amuna anga analiza hutala koma zinangotiyang'ana. Anaponda kamodzi, phazi linapita patali. Anapondanso mofulumira kawiri, katatu, ndipo galimoto inapotokera kumbali n'kuima, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza nthiti za ng'ombe yaikulu yofiira. Tinakhala choncho, iwo phazi lili pa buleki, ine nditakoka kandodo, ng'ombe zikudutsa imodziimodzi mosafulumira, zina zikununkhiza pawindo. Amuna anga ananong'ona kuti chopondera chikumira pang'onopang'ono. Ng'ombe yomaliza itadutsa anasiya, ndipo tinapitirira.

Mtsetsewo umathera pa mtsinje wouma wa mchenga. Matayala atalowa mumchengamo galimoto inaima yokha. Amuna anga anazimitsa injini, anatsika, anapita kuseri kwa chitsamba n'kusanza. Ine sindinathe kutsika chifukwa zala zanga zinakana kutambasuka. Atabwera anazimasula chimodzichimodzi, ndipo m'manja mwanga munali mutatuluka matuza. Tinakhala pamthunzi wa galimoto. Patapita nthawi analowanso pansi kukaona popinda paja, ndipo anati padontha koma sipanatseguke. M'kabotolo ka ku injini munali mutatsala pang'ono kwambiri.

Maliro anatenga nthawi yaitali kutipeza. Tinayamba kumva nyimbo ili m'mwamba, ikumveka n'kusowa malinga ndi kukhota kwa msewu. Kenako anatulukira, amuna anayi atasenza bokosi malaya atanyoweratu, amalume akutsimphina ndi ndodo, mlamu atagwira amayi pamkono. Amayi anali atavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Atandiona anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukhala pansi mumchenga. Apa ndi pamene analira mokweza koyamba tsiku limenelo.

Tinakwezanso bokosi. Amalume anagwada pambali pake n'kulankhula ndi malemuwo, kuwauza kuti tikupita kwawo ndipo asativutitsenso. Amuna a njinga aja anakana chilichonse, anangomwa madzi n'kuyambanso kukwera phiri kukatenga njinga zawo. Njira yotsalayo ndi yopanda mitsetse yaikulu, ndipo tinaiyenda pang'onopang'ono ndi giya yoyamba ndi yachiwiri, mpaka tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Anthu anali atayamba kuda nkhawa, ndipo anyamata ena anali atatumidwa kale kudzatichingamira.

Achimwene tinawaika m'mawa mwake pafupi ndi bambo. Pa nkhani za pambuyo pa maliro amalume anayambitsanso zoti malemuwo ankakana njira chifukwa cha mkazi wake, ndipo ena anavomereza. Amayi anangonena kuti mtsikanayo ndi amene anawatsitsa phiri atawagwira pamkono, ndipo sakufuna kumvanso zimenezo pakhomo pawo. Nkhaniyo sinapitirire pamaso pawo, ngakhale ndikudziwa kuti kuseri inapitirira. Mlamu anakhala ndi amayi mpaka kukolola, kenako anabwerera kwawo.

Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mwini wake anatumiza munthu wa njinga yamoto ndi kapaipi katsopano ndi oleo. Amuna anga anakonza, n'kuyesa mabuleki kambirimbiri pabwalo la sukulu, ana akuthamangira kumbuyo. Pobwerera, titafika pa mtsinje wa mchenga uja, ndinawauza kuti ayime. Anandiuza kuti pokwera palibe choopsa ndipo mabuleki ali bwino, koma ndinatsikabe. Ndinakwera phiri lonselo wapansi, ndipo pamalo paja ndinaona zitsamba zothyoka, magalasi a kalilole ndi mzere wakuda wa oleo pamiyala. Amuna anga ndinawapeza pamwamba atakhala pamthunzi, akundidikira ndi chigubu cha madzi.